Unkhoswe wa ku Fairfax

Mabatani a mayunifolomu akamagunda m'kati mwa makina owumitsira zovala, amalira ngati matalala padenga la malata, kungoti iwo saleka. Ndikakumbukira zaka zanga zoyamba ku America, phokoso limenelo ndi limene limayamba kubwera, nkhope za anthu zimabwera pambuyo. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'mawa ndinkakhala m'kalasi ku yunivesite ya ku College Park, masana n'kukwera basi kupita kuchipatala china kumene ndinkagwira ganyu m'chipinda chochapira, kunsi kwenikweni kwa nyumbayo. Kunalibe windo. Kunja kukazizira mpaka madzi kuuma m'misewu, ife kunsiko thukuta linali kamukamu.

Ndinkapinda nsalu za pabedi ndi bambo wina wakuda wa komweko, wobadwira kumwera kwa dzikolo, wamtali, wa chifuwa chosatha. Nsalu yaikulu imafuna anthu awiri: wina uku, wina uko, mumayandikirana, manja n'kukumana, n'kubwereranso m'mbuyo. Tinapinda choncho zaka zingapo. Ankanditchula Pulofesa chifukwa cha mabuku amene ndinkawerenga pa nthawi yopuma. Ine ndinayamba kuwatchula achimwene, ndipo atamva tanthauzo lake anati palibe vuto, bola ndisadzatulukire kwawo ndi sutikesi. Anandiphunzitsa misewu yoyenera kuipewa, ndi kayankhidwe kake wapolisi akakuimitsa. Chakudya chawo cha masana ankachidula pakati osafunsa ngati ndadya. Ndinkadziwa kuti anapita kunkhondo ya ku Vietnam chifukwa anzathu ankanena, koma eni ake sankaikamba. Mnyamata wina watsopano atawaitana kuti sajeni, anaika nsalu pansi n'kumuuza mofatsa kuti asadzabwerezenso.

Munthu wina amene ndinali naye m'dziko limenelo anali mzungu wachikulire wa ku Fairfax. Tchalitchi chawo chinkagawana ophunzira ochokera kunja, banja lililonse kutenga mmodzi woti azidya nalo Lamlungu, ndipo ine ndinagwera kwa iwowo. Ana awo anali atakula n'kuchoka. Bambowo ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto pabwalo la tchalitchi, osakwiya ngakhale tsiku limene ndinagunda mpanda. Ndinkawatchula Bambo, akazi awo Mayi, ndipo sankakhala mawu a pakamwa chabe. Bambo ankati anapuma ntchito ya boma, ndipo m'dera limenelo munthu akatero sufunsanso kuti boma lake mbali iti. Chimene ndinawakondera n'chakuti ankadziwa kumvetsera. Ine ndinabadwa wosakonda kuyankhula, koma pakhonde pawo ndinkapezeka ndafotokoza zinthu zimene sindinauzepo munthu: maliro a mayi anga ine ndili wamng'ono, mmene ophunzira a ku Malawi tinkaopera anzathu, aliyense kuganiza kuti mnzake ndiye amatumiza mawu ku boma la kumudzi. Ankafunsa funso limodzi lalifupi, n'kukhala phee, akupukuta magalasi awo. Ukaona choncho unkangopitiriza wekha.

Makolo anga sindiwakumbuka bwino. Anandilera ndi agogo anga aakazi, kufupi ndi esiteti ya tiyi ku Thyolo, mayi waukali amene ankagulitsa fodya wa m'mphuno pamsika ndipo analibe nthawi yocheza ndi mwana. Tsiku lina ananditumiza kukadula mitengo ya bulugamu m'nkhalango ya esiteti kuti tikonzere denga. Alonda anandigwira, n'kundikhazika padzuwa kutsogolo kwa ofesi. Agogo atamva anabwera wapansi, osavala ngakhale mpango kumutu, n'kuima pakati pa ine ndi kapitawo. Anati mwanayu sadziwa kanthu za denga lodontha, wamutuma ndine, ngati pali chikoti chibwere kuno. Atatero anakhala pansi pomwepo pafupi nane mpaka anatimasula. Pobwerera anandikalipira njira yonse chifukwa chogwidwa. Koma ndinakula ndikudziwa kuti wamkulu akakutuma, zikavuta amabwera. Sindinkaganiza kuti ndi khalidwe la agogo okha kapena la kwathu kokha. Ndinkayesa kuti ndi mmene aliri munthu aliyense wa imvi.

Tsiku lolandira digiri anzanga anali ndi makolo, azakhali ndi makamera. Ana a ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe anabwera ndi magalimoto odzaza abale. Ine ndinaitana anthu anga aja. Bambo ndi Mayi anafika msanga, achimwene anafika mochedwa atavala malaya oyera ositidwa bwino. Mwambo utatha ndinawakumanitsa pakapinga, ndili m'gauni, ndikusangalala ngati mwana amene abale ake a kuchimuna ndi a kuchikazi akumana koyamba. Bambo anatambasula dzanja n'kunena kuti amva zambiri za iwo. Achimwene analandira dzanjalo, koma ndinaona kuti maso awo sanali pankhope. Anali pa magalasi amene Bambo anavula atangosiya dzanja, n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya taye. Achimwene anatsokomola, n'kunena kuti basi yawo yatsala pang'ono kunyamuka. Chakudya chimene Mayi anabweretsa m'dengu sanalaweko.

Ganyu yanga ya kochapira inali isanathe, popeza ntchito ya digiriyo ndinali ndisanaipeze. Lolemba tinapinda nsalu mpaka nthawi yopuma. Tinatuluka kukakhala pamasitepe a kuseri, kumene magalimoto a zinyalala ankaima. Anandifunsa dzina la Bambo. Nditawauza anaseka pang'ono, n'kunena kuti kumene anawadziwira kuja ankatchedwa dzina lina.

Nkhani anaifotokoza akuyang'ana pansi. Kunkhondo kuja ntchito yawo inali yolondera akaidi pamsasa wina, anthu ogwidwa m'midzi amene ankaganiziridwa kuti akudziwa kumene adani abisala. Ofunsa akaidiwo sanali asilikali. Anali anthu a zaukazitape, ovala malaya wamba, amene ankabwera pa helikopita n'kukhala masiku ochepa, ndipo ngakhale mkulu wa msasa ankawaimirira akamalowa. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Wofunsayo ankalowa, kupatsa mkaidi ndudu, n'kumufunsa mwaulemu. Mkaidi akapanda kuyankha, wofunsayo ankaimirira, kuuza alonda kuti akukamwa khofi ndipo pobwera adzapeze munthuyu akufuna kuyankhula, n'kutuluka. Zotsalazo alonda ankazidziwa, chifukwa anazipeza zikuchitika, ndipo mlonda wozengereza ankatumizidwa kutsogolo kumene kunali zipolopolo. Ankamanga akaidi manja kumbuyo, kuwaletsa kugona, kuwamana madzi, kuwamenya. Wofunsa uja akabwerako sankafunsa kuti magaziwa achokera kuti. Ankakhala pampando, kupukuta magalasi, n'kuyambiranso mafunso ake mwaulemu.

Mkaidi wina, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, anafera m'manja mwa alonda. Ofufuza atafika, anthu a malaya wamba aja anali atapita, mayina awo enieni palibe ankawadziwa, ndipo mkulu wa msasa anati sanalamulepo zoterozo. Mlandu unagwera achimwene ndi alonda ena a maudindo otsika. Anakhala kundende ya asilikali, anawalanda usajeni, n'kuwatulutsa ndi pepala lonena kuti achotsedwa mwamanyazi. Pepala limenelo linkawatsata kulikonse. Ndi limene linawatsekera ntchito zabwino, ndipo ndi limene linkawaletsa kulandira chithandizo kuchipatala cha asilikali akale, pomwe chifuwa chawo chinkaipiraipira chaka ndi chaka.

"Sindikunena kuti sindinamumenye, Pulofesa," anatero. "Ndinamumenya. Ndimamuona mpaka lero. Koma ntchito ija tinkaigwira awiri, ngakhale mmodzi ankadikirira panja."

Ndinawafunsa ngati sakulakwitsa munthu, popeza azungu okalamba a magalasi ndi ambiri. Anati nkhope ikhoza kusintha, koma mawu ndi manja sizisintha, ndipo iwo anaima kumbuyo kwa mpando wa munthuyo miyezi yambiri.

Anandiuzanso kuti loya wina wamkazi, wa gulu lothandiza asilikali akale, anali atawapezera tsiku lokaonekera pamaso pa akuluakulu amene amaunikanso mapepala otere. Chimene chinkasowa chinali munthu wonena kuti alonda sankachita zimenezo mwa okha. Tsopano mwini wake weniweni anali atapezeka. Loyayo atauzidwa anati asayerekeze kupita kwa Bambo kapena kuwaimbira foni. Iye afufuza kaye, apeze alonda ena akale, kenako awaitanitse mwalamulo asanakonzeke.

Ine zimenezo zinandiwawa. Zoti Bambo analiko ndinavomera mumtima, chifukwa achimwene sindinawamvepo akunama. Koma kuitanitsa munthu wamkulu ndi samani ngati wakuba, munthu amene ndinkadya m'nyumba mwake, ndinaona kuti n'kulakwa. Ndinauza achimwene kuti kwathu nkhani yaikulu siyambira kukhoti. Wodandaula amapeza nkhoswe, munthu wodziwika mbali zonse ziwiri. Nkhosweyo imakagogoda kaye, kenako onse amakhala pansi, nkhani n'kuiyala yonse kuyambira pachiyambi, osabisa kanthu, ngakhale zolakwa zako. Munthu wamkulu ukamulemekeza choncho m'nyumba mwake, sangakane chimene akuchidziwa. Ukamudzidzimutsa ndi mapepala, ndi pamene amauma mtima. Ndinawafotokozera za agogo ndi mitengo ya bulugamu. Ndinanena zimenezi masiku ambiri, nsalu ili pakati pathu, ine amene sindinkayankhula.

Mnzanga wa ku Zambia amene ndinkakhala naye nyumba anaseka nditamuuza. "Iwe mwana, uganiza kuno ni kumunzi? Aba bantu ba boma sibakamba zoona olo mu chechi." Ndinamuyankha kuti Bambo sakuwadziwa.

Pamapeto pake achimwene anavomera. Anati atopa ndi maloya ndi kudikira, ndipo munthu amene watenga mwana wamasiye wa ku Africa n'kumamudyetsa patebulo pake mwina wasintha. Loya sitinamuuze.

Lamlungu lotsatira, titatha kudya, ndinapempha Bambo kuti tikhale pakhonde awiriwiri. Ndinayamba monga nkhoswe imayambira, kuzungulira patali, kunena kuti ndatumidwa ndipo mawuwa si anga. Kenako ndinawauza zonse: munthuyo ndi ndani, anawazindikira bwanji, tsiku lokaonekera ndi liti, loya akuganiza zotani. Nkhoswe siibisa, chifukwa ikabisa ndiye kuti yasankha mbali. Nkhope yawo sinasinthe. Anafunsa ngati loyayo wapeza kale alonda ena. Ndinati akufunafunabe, ndipo ndinatchula tauni imene ankaganiza kuti mmodzi amakhala. Anafunsa ngati achimwene ali ndi chilichonse cholembedwa cha nthawi imeneyo. Ndinati alibe. Anayang'ana msewu. Kenako anandigwira bondo n'kunena kuti mwambo wa kwathu ndi wabwino kuposa wa kwawo, ndibwere naye munthuyo Loweruka. Ndinabwerera ku College Park mtima uli m'malo.

Loweruka masana Mayi anatilandira, kutiikira khofi ndi makeke, n'kupita kwa anansi. Bambo anakhazika achimwene pampando wabwino wa pafupi ndi windo. Ine ndinatenga kampando kotsika n'kukhala pakati pawo. Ndinatsegula nkhani, kuthokoza eni nyumba potilandira, kenako ndinatembenukira kwa achimwene n'kuwauza kuti anene zonse, asasiye kanthu.

Ananena. Bambo ankagwedeza mutu, ndipo pena ankawathandiza kukumbukira: mtsinje umene unali kuseri kwa msasa, fungo la mafuta a ndege, galu wopunduka wa mkulu wa msasa. Pa galuyo onse awiri anaseka. Bambo sanakane kuti analiko. Ine mumtima ndinati basi, zatheka. Atafika pa mphunzitsi uja achimwene analira, ndipo Bambo anadikira mpaka atatonthola. Kenako anavula magalasi.

"Ndithandizeni kukumbukira, ndakalamba," anatero. "Tsiku limenelo ndinakuuzani kuti mumumenye?"

"Simunkanena choncho, bwana. Munati mukukamwa khofi."

"Ndiye pamene ankamenyedwa, ine ndinali m'chipindamo?"

"Munali mutatuluka. Nthawi zonse munkatuluka."

"Dzanja lomaliza linali la ndani?"

Achimwene anayang'ana manja awo, kenako anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kuti anene, popeza nkhani yoyalidwa theka siitha. Anati linali lawo.

Bambo anaimirira, kuwagwira mapewa onse awiri, n'kunena kuti katundu ameneyu amusenza okha nthawi yaitali kwambiri. Anatipempha kuti tipemphere. Anapempherera mphunzitsi uja ndi abale ake, anapempherera achimwene, anathokoza Mulungu chifukwa cha mwana wa ku Malawi amene wakumanitsa anthu awiri. Ndinadikira kuti adzitchule okha m'pempheromo, koma linatha asanadzitchule, ndipo ndinaganiza kuti akusungira tsiku lenileni. Pakhomo achimwene anafunsa ngati adzabwere. Anati adzabwera, ndipo adzanena zoona zokhazokha. M'basi achimwene anagona, mutu utatsamira windo. Ndinali ndisanawaonepo nkhope ili yomasuka choncho.

Tsikulo linafika masamba atayamba kufiira m'mitengo. Achimwene analibe jekete, ndiye ndinawabwereka langa la kutchalitchi, ngakhale manja ake anali aafupi kwa iwo. Chipindacho chinali chaching'ono, m'nyumba ina ya boma, akuluakulu a yunifolomu atakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Loya anali kale ndi nkhope yotopa, chifukwa mlonda wakale amene anavomera kudzachitira umboni anali atasintha maganizo mwadzidzidzi n'kusiya kuyankha foni. Atangoona Bambo akulowa m'suti yakuda, n'kundipatsa moni ngati mwana wawo, anatembenukira kwa achimwene. Achimwene anamunong'oneza akumwetulira. Ndinaona mayiyo akutseka maso, cholembera n'kuchiika pansi.

Achimwene ndiwo anayamba kuyankhula. Anafotokoza za anthu a malaya wamba, za khofi, za alonda amene ankatumizidwa kutsogolo. Anayankhula bwino, msana uli chilili, ndipo potsiriza anati munthu amene ankawatuma ali m'chipinda momwemo, wabwera yekha kudzanena.

Bambo anaimirira. Anati abwera mwa kufuna kwawo, monga Mkhristu. Za ntchito yawo ya nthawi ya nkhondo anati lamulo siliwalola kunenapo kanthu, ngakhale kuvomera kapena kukana kuti anafikapo pamsasa umenewo. Akuluakulu aja anagwedeza mitu ngati anthu amene amva zimenezo kambirimbiri. Koma anati pali chinthu chimodzi chimene angathe kunena, chifukwa sichinachitikire kunkhondo, chinachitikira m'nyumba mwawo. Munthu uyu anabwera yekha, wosakakamizidwa, n'kunena ndi pakamwa pake kuti palibe amene anamuuza kuti amenye mkaidi, kuti wofunsa anali panja, ndi kuti dzanja lomaliza linali lake. Anati akumumvera chisoni kwambiri ndipo akupempha akuluakuluwo kuti amuganizire. Kenako analoza ine. Anati mnyamata uyu ndimamutenga ngati mwana wanga, sanama, ndipo analipo.

Loya anayesa kuletsa, koma anamuuza kuti akhale pansi. Mkulu wa pakati anandiimiritsa n'kundifunsa ngati ndinamva achimwene akunena kuti sanauzidwe kumenya. Ndinati ndinamva, koma pali zina. Anati ndiyankhe zimene ndafunsidwa. Anafunsa ngati ndinamva zoti wofunsa anali panja. Ndinamva. Za dzanja. Ndinamva. Ndinayamba kunena za mtsinje ndi galu, kuti Bambo anakumbukira okha zinthu za pamsasapo, koma Bambo anakweza dzanja pang'ono n'kukumbutsa akuluakuluwo mofatsa kuti nkhani zimenezo sizikambidwa pagulu. Mkulu uja anandithokoza n'kundiuza kuti ndikhale. Nditakhala ndinayang'ana kumsana kwa achimwene. Jekete langa linali litakoka pamapewa awo. Sanatembenuke.

Panja pa chipindacho Bambo anandipeza nditaima pafupi ndi mpopi wa madzi akumwa. Anandiika dzanja paphewa.

"Bambo," ndinatero, "anamutuma ndani munthu uja kumenya mkaidi?"

"Mwana wanga, wachita bwino lero. Wanena zoona."

"Ndafunsa kuti anamutuma ndani."

Anandiyang'ana ndi nkhope yomweyo ya pakhonde pawo, yofatsa, yodikira kuti ndipitirize ndekha. Sindinapitirize. Ataona kuti palibe chikubwera, anandiuza kuti Mayi akonza nkhuku Lamlungu, ndisachedwe. Anavala chipewa n'kutsika masitepe.

Loya sanandikalipire. Anangondifunsa kuti ndinawauza zingati Bambo ndisanapite ndi achimwene. Nditatchula za tauni ija, anayang'ana kumbali, n'kutseka chikwama chake. Yankho la akuluakulu linabwera patapita miyezi. Pepala likhala mmene linaliri.

Ku Fairfax sindinapitekonso. Mayi anaimba foni kangapo, kudandaula kuti mpando wanga ukukhala wopanda munthu, kufunsa ngati ndikudwala kapena ngati alakwa chinachake. Sindikudziwa kuti ankadziwa zochuluka bwanji. Ndinkayankha kuti ndatanganidwa, ndipo kenako anasiya. Chimene chinkandidya kwambiri chinali kukumbukira masiku onse aja a pakhonde. Ndinkabwereza mafunso awo limodzilimodzi, aja a ophunzira anzanga, ndani amalankhula zotani za kumudzi, ndani amapita kumisonkhano iti. Nthawi imeneyo ndinkati ndi bambo amene akufuna kudziwa moyo wa mwana wake. Palibe mnzanga amene ndikudziwa kuti anavutika chifukwa cha zimene ndinanena, koma sindingalumbire. Mwina Bambo anandikondadi. Mphunzitsi uja nayenso ankamupatsa ndudu.

Achimwene sananditukwane, ndipo ndikanakonda akanatero. Anapempha kapitawo wa kochapira kuti awasinthire nthawi, kuti azilowa m'mawa ine ndisanafike. Ndikamalowa masana ndinkangopeza kapu yawo yotsuka pashelufu. Ndinapatsidwa mnyamata wina wopinda naye nsalu, wofulumira, amene sankayang'ana ngati nsonga zakumana. Ndinapita kunyumba kwawo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinamva wailesi ikuzimitsidwa m'kati nditagogoda.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndinapeza ntchito ku Gaithersburg n'kusamukira kumeneko. Adiresi ndinaisiya kwa kapitawo, osayembekeza kanthu. Loweruka lina masana kunabwera kugogoda. Nditatsegula ndinapeza achimwene, ataonda kwambiri, akupuma movutikira chifukwa cha masitepe. Pamsewu panali galimoto yakale yodzaza katundu mpaka pamwamba, mayi wina atakhala pa chiwongolero, injini ikulira.

"Lowani, achimwene, mukhale pansi. Ndikuphikireni tiyi."

"Zokhala pansi zija zinakwana, Pulofesa. Mlongo wanga akudikira."

Anati akubwerera kumwera, kwa mlongo wawoyo, chifukwa ntchito ya kochapira chifuwa sichikuilolanso. Ndinafunsa za chipatala. Anati kumeneko kuli kachipatala kena kamene kamapereka mapiritsi kwa aliyense, osafunsa mapepala. Ndinafuna kunena zambiri, koma anayang'ana pamwamba pa mutu wanga, kuona m'chipindamo, n'kunena kuti ndapeza malo abwino, ndizitsegula mawindo. Kenako anatulutsa dzanja limene linali kumbuyo. Linali jekete langa lija, lili pa hang'ala, litakutidwa ndi pulasitiki ya kochapitsa.

"Ndachapitsa," anatero. "Msoko wa paphewa unang'ambika. Mlongo wanga wasoka."

Ndinalandira ndi manja awiri. Anatembenuka n'kuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cha m'mbali.